Mutu 7: Masamu a pa Kathumba ka Mankhwala

1. Mataye atatu

Sukulu imene Zipora ankaphunzira, kuseri kwa msika wa Mitundu, inali ndi mataye atatu okha. Atatu basi. Ankakhala m'kabati mu ofesi ya ahedi, ndipo ankatuluka pokhapokha ana akamapita ku mpikisano wa mafunso. Mwana akavala taye imeneyo ankayenda monyang'wa ngati Mitundu yonse ndi ya bambo ake.

Chaka chimenecho taye imodzi inali ya Zipora. Anali mtsikana wa Folomu 3, ndipo nzeru anali nazo, makamaka pa masamu. Zimenezo sindikana. Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti mwana ameneyu akadziwa kanthu kamodzi, ankaona ngati ena tonsefe ndife mbuli.

Mpikisano unali Loweruka ku Nathenje. Sukulu yopambana inkayenera kupita ku Lilongwe, kumene mafunso ake amaulutsidwa pa wailesi. Zipora anali atauza kale mudzi wonse kuti ugule mabatire.

Lachisanu masana a Kachingwe, aphunzitsi a sayansi, anasonkhanitsa ana awo pansi pa mtengo wa mango.

"Tamverani bwino lamulo la mawa," anatero, "chifukwa sindifuna wina adzandilirire. Mipando ndi itatu. Funso lililonse mudzapatsidwa masekondi khumi. Amene adzapezeke pampando belu lomaliza likamalira, ndiwo adzalembedwe kuti apite ku Lilongwe. Ukachoka pampando, wachoka. Palibe zoti ndinangopita kukamwa madzi. Thandiwe, iwe udzakhala kumbuyo kwa anzako. Wina akadwala, udzalowa ndiwe."

Thandiwe anali mtsikana wofatsa wa kalasi yomweyo. Anangogwedeza mutu.

Koma Zipora, pakamwa pake sipankakhala potseka. "Thandi, udzatenge chitenje choyala," anatero. "Kumbuyoko udzagona tulo tabwino, palibe adzakudzutse."

Anzake anaseka. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

2. Limodzi katatu

Unali mwezi wa Meyi, nyengo yosankha fodya. Kwawo kwa Zipora chigafa chinali chodzaza, ndipo fumbi la masamba ouma linkamveka fungo mpaka kumsewu.

Fumbi limenelo silinkayanjana ndi thupi la Zipora. Chaka chilichonse akangolowamo ankatuluka ziwengo. Mayi ake anali atamuletsa mpaka pakamwa kuuma.

Koma Lachisanu limenelo m'nyumba munali phokoso la ana. Ndiye mwini wake nzeru anatenga makope ake n'kukakhala m'chigafa momwemo, pamwamba pa belo la fodya. Anawerenga mpaka dzuwa kulowa.

Kutacha, abale inu! Maso anali atatupa ngati walumidwa ndi njuchi. Khosi ndi mikono zinali zidzolo zokhazokha. Ankayetsemula kasanu asanamalize mawu amodzi.

"Amayi! Tandioneni!"

Mayi ake anamuyang'ana, manja ali m'chiuno. "Ndakuona. Ndiye ndikuombere m'manja?"

"Ndikaima bwanji pamaso pa anthu ndili chonchi? Timapiritsi tachikasu tija ababa anapatsidwa kuchipatala tili kuti?"

Mayiwo anang'ung'udza, koma analowa kuchipinda. Anatuluka ndi kathumba kapulasitiki. Bambo a Zipora anapatsidwa mankhwalawo mwezi wathawo, nawonso atatuluka ziwengo, koma anawasiyira panjira.

"Muli khumi ndi awiri, ndawerenga," anatero mayiwo. "Tsopano undimvetsere. Mankhwala a munthu wina sitigawana ngati mtedza, zimenezo udziwe. Ndikukupatsa chifukwa galimoto yanu ikunyamuka ndipo nthawi yopita kuchipatala palibe. Limodzi lokha. Adokotala anawauza bambo ako ine ndilipo, ndinamva ndi makutu angawa: limodzi m'mawa, limodzi masana, limodzi madzulo. Anatinso timeneti timalemetsa mutu. Bambo ako atamwa, ndinawapeza akuodzera pa belo dzuwa lili paliwombo, fodya ali m'manja. Munthu wamkulu ameneyo, thupi lonse lija. Nanga iwe wa mafupa okhaokha? Ukanakhala mwana womva, ndikanati usamwe n'komwe. Ukanangosamba madzi ozizira n'kupirira mpaka mpikisano uthe. Kuyabwa sikunaikitsepo munthu m'manda. Koma popeza ndikudziwa kuti sumva, limodzi."

Zipora analanda kathumbako n'kukayang'anitsitsa. Pamwamba pake panalembedwa ndi bolopeni: 1 x 3.

"Amayi, apa alemba wani taimusi firii."

"Eya. Limodzi katatu."

"Wani taimusi firii n'chimodzimodzi ndi firii taimusi wani. Limodzi katatu, atatu kamodzi, yankho ndi lomwelo. Za ku pulayimale zimenezi."

"Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4," anatero mayiwo, "koma ndimadziwa kuti mchere wa masiku atatu sitithira m'ndiwo za tsiku limodzi. Imwa limodzi. La masana ndikakupatsa ndekha ku Nathenje."

Anasiya kathumbako patebulo n'kupita kubafa, poti nawonso ankafuna kukaonerera mwana wawo.

Chitseko cha bafa chitangotsekeka, Zipora anatsanulira timapiritsi titatu m'dzanja. Anatiponya m'kamwa n'kutsikitsira tiyi wozizira.

Ha! Mwana wokhoza masamu kuposa sukulu yonse, kulephera kuwerenga mpaka pa wani.

3. Dokotala wa pakhonde

Posakhalitsa panja panamveka njinga yamoto. Anali Lackson, msuweni wake wa Zipora, mnyamata wa kabaza. Minibasi imene sukulu inachita hayala inali ya ana ndi aphunzitsi okha, choncho mayi a Zipora anapangana ndi Lackson kuti awatenge popita ndi pobwerera.

Lackson anavula chipewa chake n'kuyetsemula katatu motsatizana. Maso ake anali psu.

"Nawenso?" anafunsa Zipora.

"Fumbi la mumsewu, msuweni. Sabata yonseyi mphuno zikungochucha ngati mpopi wotha."

"Dikira, ndikuchiritse."

Tsono onani. Munthu wamwa mankhwala mphindi zisanu zapitazo, sanaone n'komwe mmene amuchitire, wasanduka kale dokotala. Anang'amba pepala m'kope lake la masamu, n'kukulungamo timapiritsi titatu. Pamwamba pake analemba ndi zilembo zake zokongola zija: 1 x 3 = 3.

"Umwe tonse titatu kamodzi," anatero. "Zoti limodzilimodzi n'zochedwetsa."

Lackson anawerenga pepalalo n'kuseka. "Ophunzira mwanena, ife ndani? Koma ine mankhwala pamimba yopanda kanthu ayi. Ndikamwa masana ndikadya tchipisi ku Nathenje."

Anaika kapepalako m'thumba la jekete. Mayi a Zipora atatuluka, anatola kathumba kaja patebulo n'kukamangirira pansonga ya chitenje osakayang'ana.

"Wamwa?"

"Ndamwa."

"Limodzi?"

"Amayi, ndikuchedwa," anatero Zipora, n'kuthamangira kusukulu.

4. Njira ya ku Nathenje

Minibasi inanyamuka itangokwana seveni koloko. Inadzera msewu wafumbi wodutsa m'midzi. Ana ankaimba, a Kachingwe akuponya mafunso okumbutsa.

Atayenda pang'ono, kuyabwa kunaleka. Kuyetsemula kunaleka. Maso anayamba kuphwa. Zipora anakonza taye yake n'kutembenukira kwa Thandiwe.

"Waona? Sayansi imeneyi. Chitenje chija watenga?"

Thandiwe anangomwetulira.

Koma atawoloka kamlatho kachiwiri, m'kamwa mwa Zipora munauma gwa. Anamwa madzi a m'botolo lake onse, n'kupemphanso a mnzake. Kenako anayamba kuyasamula.

"Zipora," anaitana a Kachingwe, "zomera zimakoka mpweya wanji popanga chakudya?"

Zipora anawayang'ana. Funso analimva. Yankho ankalidziwa. Koma kuti lichoke m'mutu lifike pa lilime, linatenga nthawi ngati likubwera wapansi kuchokera ku Malingunde.

"Iwe, uli bwino?"

"Ndili bwinobwino, Sala. Ndimangoganiza."

"Uziganiza mofulumira. Kumene tikupitaku saganiza ndi maso otseka."

Apa ndiye panali poti anene zoona. Akananena kuti Sala, ndamwa mapiritsi atatu, mwina aphunzitsiwo akanaona chochita nthawi ikadalipo. Koma ayi. Anangodzitsina pantchafu n'kuyang'ana pawindo.

5. Masekondi khumi

Holo ya ku Nathenje inali yodzaza. Kutsogolo kunali matebulo, ndipo tebulo lililonse linali ndi maikolofoni. Zipora anakhala pampando wapakati. Thandiwe anakhala pa benchi kumbuyo kwake. Mayi a Zipora anapeza malo mzere wachitatu, atavala chitenje chawo chatsopano.

Chigawo choyamba chinayenda mokoka. Zipora anayankha mafunso awiri, onse belu litatsala pang'ono kulira. A Kachingwe ankangopukuta thukuta.

Chigawo chachiwiri chinali cha masamu. Ana a ku Mitundu anayamba kuomba m'manja funso lisanafunsidwe, poti ankadziwa kuti apa ndiye pamunda pa Zipora.

"Mitundu, mpando wapakati," anatero wofunsa. "Ndi nambala iti imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 169?"

Funso la ana! Zipora ankatha kuliyankha ali m'tulo. Kapena tinene kuti ankaganiza choncho, chifukwa tsiku limenelo tinaona kuti m'tulo munthu sayankha kanthu.

Anatsegula pakamwa. Masekondi anayenda. Asanu. Asanu ndi atatu. Belu linalira.

"Satini," anatero Zipora, mochedwa, ndi mawu olemera.

"Yankho ndi loona, koma nthawi yatha. Palibe malikisi."

Holo yonse inati, "Aaaa!"

Funso linapita ku sukulu ina, kenako ina. Mmene linkabwereranso ku Mitundu, mutu wa Zipora unali utayamba kuwerama. Unatsika pang'onopang'ono mpaka chipumi chinagunda maikolofoni. Gu! Ndipo anthu asanamvetse chimene chachitika, m'masipika onse anayi munamveka mkonono.

Kuseka kwake! Ana ena anagwa m'mabenchi. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mupatseni bulangete!"

Mayi a Zipora anaimirira. "Iwe Zipora! Dzuka! Ukundichititsa manyazi!"

Anthu nawo sasowa chonena. Ena ankati mwanayo wamwa kachasu. Mayi wina ananong'oneza mnzake kuti ana a sukulu inayo amuchita chipongwe, anaona munthu akuwaza zinthu pakhomo la holo m'mawa. Bodza lokhalokha, koma linayenda mofulumira kuposa mayankho a Zipora.

A Kachingwe anakwera kutsogolo n'kumugwedeza paphewa. Zipora anatsegula diso limodzi.

"Satini, Sala," anatero.

Wofunsa uja anayang'ana wotchi. "Aphunzitsi a Mitundu, mulowetsa wina kapena mupitiriza ndi awiri?"

A Kachingwe anapuma mozama. Anamasula taye m'khosi mwa Zipora anthu onse akuona, n'kuipereka kwa Thandiwe.

6. Mlonda wa mu ubongo

Pa mpikisanopo panali Mayi Felesiya, namwino wopuma pa ntchito, amene anapemphedwa kudzathandiza ana akadwala. Iwo ndi mayi a Zipora anamugwirizira mpaka m'kalasi yopanda anthu. Wina anawathamangira ndi chitenje, ndipo anamugoneka pamenepo.

Mayi Felesiya anamugwira pamkono kumvetsera kugunda kwa mtima. Anamukanula maso. Anamununkhiza m'kamwa.

"Mowa ayi," anatero. "Wamwa mankhwala anji?"

Mayi a Zipora anamasula nsonga ya chitenje n'kupereka kathumba kaja. "Awa, anesi. Munali khumi ndi awiri. Ndinamuuza kuti limodzi."

"Iwe mtsikana, wamwa angati?"

"Atatu," anang'ung'uza Zipora. "Wani taimusi firii."

"Mayo ine!" Mayi ake anagwira kumutu. "Ndinabala chiyani ine?"

Mayi Felesiya anaponya kathumbako m'thumba la diresi lawo n'kuyambanso kuwerenga kugunda kwa mtima. "Mtima uli bwino," anatero. "Musiyeni agone. Ndikhala naye pompano."

Zipora anagona maola atatu athunthu. Pamene ankatsegula maso, dzuwa linali litapendeka. Mayi ake anali ataima pakhomo, atamanga kale chitenje cha ulendo.

"Wadzuka, mfumukazi?" anatero. "Ndasiya ntchito kumudzi, ndapirira mabampu njira yonse, kudzaonerera mwana wanga akuliza mkonono pa sipika. Zikomo kwambiri. Anesi akuti suufa. Ubwera pa minibasi ndi anzako. Ine ndatsogola, Lackson wamaliza kudya, akundidikira. Tikakambirana kunyumba."

Anatuluka osacheuka.

Zipora anadzuka n'kukhala tsonga. Mutu unali wolemera ngati wasenza ndowa. Mayi Felesiya anamupatsa madzi, n'kukoka mpando.

"Akuti ndiwe katswiri wa sayansi," anatero. "Ndiye khala pansi ndikuphunzitse imene sunaidziwe. M'thupi mwathu muli kanthu kotchedwa histamini. Thupi limapanga lokha. Fumbi la fodya likakhudza khungu lako kapena mphuno zako, thupi lako limaganiza kuti kwabwera mdani, ndiye limatulutsa histamini wambiri pamalopo. Iyeyo ndiye amatupitsa maso, kuyabwitsa khungu ndi kukuyetsemulitsa. Ali ngati mlonda woimba wenzulo. Mapiritsi awa ntchito yake ndi kutseka makutu a thupi kuti lisamve wenzuloyo. N'chifukwa chake kuyabwa kunaleka."

"Ndiye kuti anagwira ntchito," anatero Zipora.

Mwamumva? Taye yapita, mbiri yaipa, koma pakamwa pakadali pomwepo.

"Tseka pakamwa, sindinamalize," anatero Mayi Felesiya. "Histamini yemweyo aliponso mu ubongo, koma kumeneko ntchito yake ndi ina. Chapansi pa ubongo pali kagulu kakang'ono ka maselo kamene kamamutulutsa nthawi yonse imene uli maso. Iyeyo ndiye amakusunga uli tcheru, kuti umve funso, ukumbukire yankho, ulinene msanga. Ukagona, maselo amenewo amakhala chete. Tsono mapiritsi achikale ngati awa sasankha. Amayenda m'magazi, n'kudutsa mpanda umene umatchinga ubongo, n'kukatsekanso makutu kumeneko. Ubongo ukasiya kumva mlonda wake, umangoti kwada, tiyeni tigone. Ungadzitsine, ungamwe tiyi wa masamba ambiri, sizithandiza kwenikweni."

Zipora anayang'ana pansi.

"Alipo mapiritsi ena atsopano amene salowa kwambiri mu ubongo," anapitiriza mayiwo. "Ukanafunsa wachipatala n'kumuuza kuti lero ndili ndi mpikisano, akanadziwa chokupatsa. Koma iwe safunsa, wadya phula. Ndipo za wani taimusi firii zakozo uzisiye m'kalasi. Ife tikalemba 1 x 3 pa kathumba, sitikukupatsa samu ayi. Nambala yoyamba ndi mapiritsi, yachiwiri ndi maulendo. Thupi limafuna maola kuti lichotse piritsi limodzi lisanalandire lina. Ukathira atatu nthawi imodzi, onse amafika mu ubongo limodzi. Uli ndi mwayi wangogona. Ena mtima umathamanga, ena amabwebweta, ena amakomoka. Akanamwa mng'ono wako wa zaka zitatu, bwenzi pano tikuthamangira kuchipatala. Mayi ako aja akuti analekeza Sitandade 4, koma kathumbaka anakawerenga bwino kuposa iwe."

Nthawi yomweyo ku holo kunaphulika chisangalalo. Kunamveka nthungululu, malikhweru ndi mabenchi akumenyedwa. Ana ankaimba dzina la Mitundu.

Zipora anadzambatuka. "Tapambana! Anesi, tapambana!"

"Apambana," anatero Mayi Felesiya.

7. Atatu enawo

A Kachingwe analowa m'kalasimo atanyamula pepala. Kumbuyo kwawo kunali Thandiwe, taye ili m'khosi.

"Sala, tikupita ku Lilongwe!" anatero Zipora.

"Sukulu ikupita," anayankha a Kachingwe. "Thandiwe wayankha mafunso asanu ndi limodzi osaphonya. Mayina ndapereka kale."

"Koma Sala, mpandowo ndi wanga! Ndakonzekera miyezi itatu! Ndinangodwala pang'ono."

"Sunadwale. Unadzigoneka wekha. Ndinakufunsa m'galimoto ngati uli bwino, unati chiyani? Lamulo ndinalinena dzulo, iwe uli kalikiliki kuseka mnzako. Ndakwiya nawe, Zipora, ndipo sindikubisira. Mwana wanzeru ngati iwe ukanatipweteketsa tonse chifukwa cha matama."

Zipora anatembenukira kwa Thandiwe, misozi ili m'maso. Ankayembekeza kuti mtsikana wofatsayo avula taye n'kumubwezera.

Thandiwe anawerama n'kugwira nsonga ya chitenje chimene Zipora anagonapo.

"Pepa, Zipora," anatero mofatsa. "Tasuntha pang'ono. Chitenjechi n'changa. Unandiuza kuti nditenge."

Anachikutumula, n'kuchipinda bwinobwino. Zipora analira mokweza, ndipo kunena zoona, palibe amene anamutonthoza. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma apa anagona ndi mwana, mawuwo ali maso.

Mayi Felesiya anatulutsa kathumba kaja m'thumba mwawo. "Aphunzitsi, awa mukawapatse mayi ake, asakhalenso pofikira ana. Ndipo anawa muziwauza. Choopsa cha mankhwala amenewa n'chakuti munthu amadziona ngati ali bwinobwino, pamene maso ndi manja zayamba kale kuchedwa. Uyu wataya taye chabe. Koma woyendetsa galimoto, wa njinga yamoto, wogwira ntchito pa chigayo, amenewo timawaletseratu ngakhale piritsi limodzi. Sekondi imodzi pamsewu si ya masewera."

Akulankhula choncho, anatsanulira timapiritsito m'dzanja n'kuyamba kutiwerenga ndi chala. Anawerenga kawiri. Nkhope yawo inasintha.

"Mayi ako anati munali khumi ndi awiri. Iwe wamwa atatu. Muno mwatsala asanu ndi limodzi." Anamuyang'ana Zipora m'maso. "Katswiri wa masamu, atatu enawo ali kuti?"

Kulira kwa Zipora kunaduka. Tulo tonse tinathera pomwepo.

"Lackson," anatero.

"Lackson ndani?"

"Msuweni wanga. Wa kabaza. Anati amwa akadya. Ndi amene watenga amayi."

"Anyamuka nthawi yanji?" anafunsa a Kachingwe, foni ili kale m'manja.

Zipora anatuluka liwiro, wopanda nsapato, kudutsa pakati pa anzake amene ankavina ndi chikho. Anafika pamsewu, pa chiwaya cha tchipisi pamene anyamata a kabaza amaimika njinga. Ya Lackson panalibe.

"Achimwene, mnyamata wa jekete yofiira uja, wa ku Mitundu?"

"Wapita kalekale ndi amayi ena," anatero wokazinga tchipisi. "Anapempha madzi omwera mankhwala, n'kunyamuka."

A Kachingwe anafika akupuma wefuwefu, foni ili kukhutu. Zipora anawapatsa nambala. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Inaitana mpaka kuduka.

Pansi pa benchi, pakati pa zotokosera m'mano, panali kapepala kong'ambidwa m'kope. Zipora anakatola n'kukatambasula. M'kati munalibe kanthu. Pamwamba pake panali zilembo zake zokongola zija: 1 x 3 = 3.